Kanyanja ka m'nyumba: kukonza thanki yagalasi ya nsomba ndi zomera



Mwana wa msodzi amaidziwa nsomba itafa kale. Amaiona m'bwato ikuphiriphitha komaliza, amaiona pathandala ikuuma, kenako amakumana nayo m'mbale. Mayina amawadziwa onse, mtengo wa ndowa ya usipa amaudziwanso kuposa ife akuluakulu. Koma mumufunse kuti kodi nsomba imagona bwanji usiku, imalera ana bwanji, angokuyang'anani. Ngakhale asodzi amene tsitsi layera ali panyanja, ambiri sanaonepo nsomba ikuchita zake mosatekeseka, popeza ife tikafika pamadzi timafika ndi khoka.

Chodabwitsa n'chakuti anthu a ku Germany, ku Britain, ku America ndi ku Japan amaziona nsomba zathu tsiku ndi tsiku, ali khale pabalaza. Amazisunga m'matanki agalasi otchedwa akwariyamu. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, ndipo ya banja la chambo ndi mbuna yokha imaposa 700. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, malemu Stuart Grant ankatumiza nsomba zamoyo kunja kuchokera ku Kambiri Point, ku Senga Bay. Tsono popeza achinyamata athu ayamba kuziona m'mafoni ndi m'malo ogona alendo, funso lakhala likubwera kawirikawiri: kodi ife sitingakhale nayo thanki yotere kumadrasa, kusukulu kapena pakhomo? Tingathe ndithu. Koma amene angothamangira kuthira madzi ndi kuponyamo nsomba tsiku lomwelo adzakwirira nsomba pasanathe sabata, ndalama ya galasi itapita.

Ena afunsanso ngati n'zololedwa kutsekera cholengedwa m'galasi. Ma ulama ambiri amaloleza, bola uchidyetse ndi kuchisamala. Nkhani ya mayi uja amene adalangidwa chifukwa chotsekera mphaka osampatsa chakudya tonse timaidziwa. Ndiye amene akudziwa kuti alibe nthawi, asayambe n'komwe.

Thanki ndi pokhala pake

Langizo loyamba limadabwitsa anthu: thanki yaing'ono ndiyo yovuta kusamala. Kapoto kakang'ono kamawira msanga, kamazizira msanga, ndipo mchere ukachuluka pang'ono ndiwo zonse zaonongeka. Madzi ochepa nawonso ndi chimodzimodzi. Timabotolo ndi timbale tagalasi timene mumaona m'zithunzi, nsomba imodzi ikuzungulira m'katimo, tisiyeni.

Thanki yoyambira yabwino ikhale ya masentimita 100 m'litali, 40 m'lifupi ndi 40 msinkhu. Imeneyi imalowa malita 160, ndiye kuti ndowa 8 za malita 20. Galasi la pawindo n'lopyapyala, lingaphulike usiku. Funsani la mamilimita 8 kwa odula magalasi m'tauni. Pomata amagwiritsa ntchito silikoni, koma werengani pachubu: ngati alembapo kuti amapha nkhungu ya kubafa, ameneyo ali ndi mankhwala opha nsomba. Mukamata, dikirani masiku angapo mpaka fungo lowawasa lija litatha, kenako mudzaze madzi panja ndi kuisiya masiku awiri kuti muone ngati ikudontha.

Musaiwale kulemera kwake. Madzi, mchenga, miyala ndi galasi pamodzi zimafika makilogalamu 200, ngati matumba anayi a chimanga. Katebulo kodyerapo sikangapirire. Mangani kachiunda ka njerwa kosalala bwino pamwamba, muyalepo thabwa ndi kachidutswa ka siponji kapena katoni. Kamwala kamodzi kotsalira pansi pa galasi n'kokwanira kuling'amba. Malo ake akhale owala, pafupi ndi windo, koma dzuwa lisamaombe pagalasi kupitirira ola limodzi kapena awiri a m'mawa, apo ayi madzi adzasanduka obiriwira ngati a m'chithaphwi. Kukhitchini ayi, chifukwa cha utsi. Pamwamba pakhale chivundikiro, poti nsomba zimadumpha, ndipo amphaka ndi tiana tokwawa sitikusowa m'nyumba zathu.

Pansi pa thanki ndi munda

Apa ndi pamene mlimi amamuposa msodzi. Zomera za m'madzi zimafuna nthaka monga mpunga. Yambani ndi dothi lakuda la kudimba, losathiridwa feteleza kapena mankhwala, lopanda manyowa aawisi. Lisefeni, muyale masentimita 2 okha. Pamwamba pake muyale mchenga wa kugombe wotsukidwa mpaka madzi ake ayere, masentimita 3 kapena 4. Mchengawo ndi umene umatsekera dothi kuti lisavunduke. Pothira madzi ikani mbale pamchenga, madzi azigwera m'mbalemo pang'onopang'ono.

Zomera sitikagula kutali. Mumaudziwa udzu uja wa masamba aatali, osalala ngati riboni, umene umamera pamchenga m'madzi osaya, mwana wa chambo n'kumabisalamo? A sayansi amautcha Vallisneria, ndipo kunja amaugulitsa m'masitolo. Umayala mizu ngati kapinga, ukagwira umadzaza kumbuyo konse kwa thanki. Palinso china cha masamba onga singano, chopanda mizu, chimene chimangoyandama n'kumakola m'matchera. Dzina lake la m'mabuku ndi Ceratophyllum. Chimakula msanga ndipo chimayeretsa madzi kwambiri. Ziwiri zimenezi n'zokwanira. Bzalani zambiri kuyambira tsiku loyamba, zazitali kumbuyo, kutsogolo musiye bwalo losambiramo. Pobzala udzu wa riboni, kwirirani mizu yokha. Mukakwirira ndi pamene payambira masamba, umaola.

Namasupuni asalowe m'thanki, ngakhale maluwa ake akongole bwanji. Anthu a ku Liwonde ndi a kuchigwa cha Shire angakuuzeni zimene chomera chimenechi chachita. Kwawo ndi ku South America, ndipo m'maiko ambiri chidafika ngati duwa lokongoletsa maiwe.

Tsono mverani bwino apa. Udzu wa m'nyanja umabwera ndi nkhono, ndipo zina mwa nkhono zimenezi ndi zija zofalitsa likodzo. Musautenge pagombe pamene anthu amasamba ndi kuchapa. Mukafika nawo kunyumba, uikeni kaye m'ndowa yapadera kwa masabata awiri, tsiku lililonse muzitola nkhono zonse ndi sipuni, ndi kupala mazira ake, amene amaoneka ngati timadontho ta mamina kunsi kwa tsamba. Ntchito imeneyi isapatsidwe kwa ana. Madzi otunga kunyanja nawonso aziima masiku atatu m'ndowa yopanda nkhono musanaviikemo manja, popeza tizilombo ta likodzo tikasowa munthu sitikhalitsa.

Madzi a pampopi ali ndi klorini, amene amapsereza makha a nsomba. Aimikeni m'ndowa yosavundikira usiku ndi usana wathunthu. Madzi amene mwathiramo mankhwala oyeretsera madzi akumwa asayandikire thanki. A pamjigo amakhala bwino kawirikawiri, kupatula mijigo ija ya mchere. Ndowa ya thanki ikhale yakeyake, isalawepo sopo.

Masabata odikira

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Thanki yadzaza, zomera zabzalidwa, madzi ali mbee, ana akuvina kuti bambo tiyeni tikatenge nsomba. Ayi, dikirani.

Nsomba ikamapuma ndi kuchita chimbudzi imatulutsa poizoni wotchedwa amoniya. M'nyanja palibe vuto, madzi ndi ambiri. M'thanki poizoniyo alibe kopita. Chimene chimapulumutsa nsomba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya abwino, timene timamera pamchenga, pamiyala ndi m'sefa. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ndi poizoni; gulu lachiwiri limasandutsa naitiraiti kukhala naitireti, amene alibe ukali kwenikweni ndipo zomera zimamudya ngati feteleza. Alimi mukudziwa za zitosi za nkhuku: zaziwisi zimatentha mbewu, zikapsa pankhuti zimaidyetsa. Thanki nayonso imafuna kupsa, ndipo kupsa kwake kumatenga masabata 4 mpaka 6.

M'masabata amenewa muziponyamo kachakudya kotsina ndi zala ziwiri pakapita masiku atatu, kuti kaziola n'kumadyetsa tizilomboto. Madzi adzachita mbuu ngati mwathiramo mkaka, kenako adzayera okha, musawataye. Ngati mnzanu ali ndi thanki yakale, mupempheni mwala umodzi kapena madzi ofinya m'siponji yake, zimafulumira. Popeza mulibe nsomba zodya mphutsi, vundikirani ndi nsalu kuti udzudzu usaikiremo. Koma neti yogonamo ayi! Mankhwala a m'neti amapha nsomba ngakhale atachepa chotani.

Za magetsi: kapampu kakang'ono ka mpweya kolumikiza ku sefa ya siponji kamadya moto wochepa zedi, sola yapakhomo ndi batire zimakwanitsa. Ngati mulibe, thanki ya zomera zambiri ndi nsomba zochepa imayendabe. Chofunika kudziwa n'chakuti zomera zimapereka mpweya masana okha, usiku nazonso zimaupuma. Ndiye nthawi yoyesera thanki yanu ndi m'bandakucha, pobwera ku swala ya Fajr. Mukapeza nsomba zonse zili pamwamba kukamwa yasa, dziwani kuti zachuluka kapena madzi aipa. Chiopsezo chimakula mu Okutobala ndi Novembala, makamaka m'nyumba za malata, poti madzi ofunda sasunga mpweya wambiri. Nsomba zathu zimakondwa pakati pa madigiri 24 ndi 28. M'nyengo ya mwera, Juni ndi Julayi, tsekani windo ndi kufunditsa thanki bulangete usiku.

Ndani akhale ndi ndani

Thanki ya mitundu yosakaniza ili ngati mudzi: si aliyense angagone nyumba imodzi ndi mnzake. Lamulo lake asodzi mukulidziwa kale, nsomba iliyonse yokwana m'kamwa mwa inzake ndi ndiwo. Choncho mlamba, kampango, mcheni ndi sungwa achoke pamndandanda. Kamlamba kamaoneka kofatsa kali kakang'ono, koma pakatha miyezi itatu mudzakapeza kali kokha m'thanki, mimba ili tuu. Chilunguni ndi mbuzi ya m'madzi, chimamweta udzu wonse. Chambo ndi makumba zimakula kuposa thanki ndiponso zimakumba zisa. Malo ake ndi kudamu. Usipa sukhalitsa ukangogwiridwa. Nkhanu imadula zomera ndipo usiku imagwira nsomba zogona.

Ife tikuona kuti mfumu ya thanki ya zomera kuno kwathu ndi matemba. Anthu aseka, eti matemba a pa msika omwewa? Omwewo. Muwaone amoyo, kuwala kukuwamenya m'nthiti, akutembenuka onse pamodzi pakati pa udzu, mudzasiya kuseka. Ndi olimba, sachita ndewu, amadya chilichonse, ndipo amapezeka m'mitsinje ndi m'madambo, osati ku Chilwa kokha. Amafuna kukhala pagulu, ndiye m'thanki ya malita 160 ikani 8 kapena 10 aang'onoang'ono. Pansi mutha kuikapo nkholokolo imodzi kapena ziwiri zazing'ono, muzipatse phanga la miyala kapena chidutswa cha mphika wadothi, popeza masana zimabisala. Samalani minga yake poigwira. Zikakwana pamenepo, basi. Mtima udzafuna kuonjezera, muukanize.

Nsombazo zisalowe tsiku limodzi. Yambani ndi zinayi, papite masabata awiri, muonjeze zina. Zogwidwa m'chilimira kapena m'matchera zimakhala zitasupuka mamba, zimafa ndi zilonda; zabwino ndi za m'mono kapena za kaukonde kam'manja, za m'madzi osaya. Nsomba yovuulidwa mwachangu kuchokera pakuya imatupa chikhodzodzo cha mpweya, siichira. N'chifukwa chake ogwira nsomba zotumiza kunja amazikweza pang'onopang'ono kwa masiku. Nyamulani m'mamawa, zochepa m'ndowa yovundikira. Pofika musazikhuthulire m'thanki: muzithira kapu ya madzi a m'thanki m'ndowamo pakapita mphindi zisanu, kwa theka la ola, kenako muzisamutse ndi kaukonde.

Nanga mbuna?

Tikudziwa kuti ambiri mtima uli pa mbuna, zabuluu ndi zachikasu zija. Tinene mosabisa: mbuna ndi munda sizigwirizana. Kwawo ndi kumiyala, ntchito yake ndi kupala ndere, kukumba mchenga ndi kulondera phanga. Muziike m'thanki ya dothi, m'masiku ochepa zomera zili pamwamba mizu m'mwamba, madzi ali matope, matemba zipsepse zili zibenthuzibenthu. Wofuna mbuna akonze thanki ina, ya mchenga wokha ndi miyala yambiri. Miyalayo ikhale pagalasi penipeni mchenga usanathiridwe, chifukwa zikakumba pansi pake mulu umagwa n'kuswa thanki. Yamphongo imodzi ikhale ndi zazikazi zitatu kapena zinayi, apo ayi imazunza imodziyo mpaka kufa. Mtundu wachikasu wa cha ku Nkhata Bay, umene mabuku amautcha Labidochromis caeruleus, ndiwo wofatsako. Udzu wa riboni ukhoza kupirira pakona ngati mwautchinga mizu ndi miyala. Mbuna zimafunanso pampu yosazima. Popanda magetsi odalirika musayese.

Koma mphoto yake ndi yaikulu. Tsiku lina mudzaona yaikazi yasiya kudya, kukhosi kwatupa. Sikudwala, yafungatira mazira m'kamwa. Imakhala choncho pafupifupi masabata atatu osalawa kanthu, mpaka tiana titatuluka tikusambira. Chambo chimaleranso chomwecho. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake safunanso kumufotokozera chifukwa chimene a zausodzi ndi a BVC amatsekera nyanja m'nyengo yoswana: amadziwa kuti khoka likakokera make kumtunda, ana onse a m'kamwa apita nawo.

Pali malamulo apa. Ku Cape Maclear ndi zilumba monga Thumbi, Domwe, Mumbo, Maleri ndi Boadzulu ndi malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO idaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Kugwira nsomba m'kati mwa mamita 100 kuchokera kugombe la pakiyo n'koletsedwa. Malonda a nsomba zamoyo amafunanso chiphaso. Musanagwire mbuna kulikonse, kambani ndi mlangizi wa zausodzi wa dera lanu. Amene muli ku Mangochi muli ndi mwayi, sukulu ya zausodzi ya Mpwepwe ndi ofesi ya kafukufuku ya Monkey Bay zili pafupi.

Kudyetsa ndi kusamala

Nsomba za m'thanki zambiri zimafa ndi kukhuta, osati njala. Mlendo aliyense amafuna kuponyamo kanthu, mwana aliyense amabwera ndi nyenyeswa za nsima. Sankhani munthu mmodzi wodyetsa, kamodzi kapena kawiri patsiku, chakudya chotha m'mphindi ziwiri. Chotsala chimaola n'kusanduka poizoni uja. Madeya ndi abwino kudamu, koma m'galasi amadetsa madzi. Matemba ndi nkholokolo zimakonda usipa wouma wosinja, chiswe, nyongolotsi zoduladula, mphutsi za udzudzu, ndi nkhungu za panyanja kwa inu amene zimakufikani. Mbuna zipatseni zamasamba kwambiri, monga mnkhwani kapena bonongwe wofutsa pang'ono wopanda mchere. Zikadya zonona zambiri zimatupa mimba n'kufa, matenda amene asungi a kunja adawapatsa dzina la dziko lathu lomwe, Malawi bloat.

Sabata iliyonse chotsani ndowa ziwiri za madzi ndi kapaipi, mukuyamwa zinyalala za pamchenga, mubwezeremo ndowa ziwiri zoima kale. Osakhuthula thanki yonse n'kuikwecha, mukatero mwapha tizilombo tija ndipo mwabwerera ku sabata yoyamba. Siponji ya sefa ifinyidwe m'madzi ochotsedwawo, osati a pampopi. Madzi akalewo musataye, kathirireni mpiru ndi tomato, mudzaona okha kusintha. Ndere ikachuluka pagalasi ndiye kuti kuwala kapena chakudya chapyola. Palani ndi kansalu koyera, muchepetse zonse ziwiri. Ngati mukuunikira ndi babu, maola 6 mpaka 8 akwana.

Mankhwala ophera udzudzu ndi mdani wina. Kaya ndi opopera a m'chitini, kaya ndi koyilo, kaya abwera a zaumoyo kudzapopera makoma, zimitsani pampu, kutani thanki yonse ndi pulasitiki, ndipo musaivundukule mpaka nyumba itapita mphepo. Wochokera kumunda kopopera thonje kapena tomato asambe bwinobwino asanakhudze madzi. Thanki ikakhala ya kumadrasa kapena kusukulu, mugwirizane kuyambira pachiyambi amene adzaisamale patchuthi, dzina lake lilembedwe.

M'masitolo ena a m'mizinda mumapezeka nsomba zakunja, monga guppy, platy ndi goldfish. N'zokongola, ndipo guppy ndi platy zimakhala bwino ndi zomera. Komabe ife a m'mbali mwa nyanja tikuti zitipitirire. Guppy imaswana ngati mbewa, ndipo tsiku lina mwana wachifundo adzatenga zotsala kukazimasula kumtsinje. Lamulo la zausodzi sililola kulowetsa nsomba zachilendo m'madzi athu popanda chilolezo. Anzathu a ku nyanja ya Victoria adaona zakuda: nsomba yaikulu yotchedwa Nile perch idaikidwamo m'zaka za m'ma 1950, ndipo pofika m'ma 1980 mitundu yambirimbiri ya nsomba zazing'ono za kumeneko inali itazimirira.

Ngakhale nsomba ya m'nyanja yathu yomwe isabwezedwe pamalo pamene sinachokere. Mbuna sizikonda kuoloka mchenga kapena madzi akuya, ndiye chilumba chilichonse chili ndi mitundu ndi maonekedwe akeake. Pa chilumba cha Thumbi West adatayirapo mbuna zochokera kumpoto m'zaka za m'ma 1960, ndipo ofufuza adapeza kuti zina zidakwatirana ndi za pomwepo n'kusokoneza mtundu. Nsomba yokhala m'thanki ikhozanso kutengera matenda kunyanja. Choncho zikachuluka kapena mwatopa nazo, mupatseni mnzanu amene thanki yake yapsa kale, zomera zotsala muziumitse padzuwa n'kuziponya pankhuti. Akakhala matemba, nkhani ndi yosavuta, amayi a kunyumba akudziwa chochita nawo.